Pansi pa Phiri la Soche, Freddy Atadutsa

Munthu akatsika minibasi pa Chilobwe n'kukweza maso, choyamba kuona ndi zipsera za phiri la Soche. Kuchokera pamwamba penipeni patsika mizere yofiira, ina yopyapyala, ina yotakata moti galimoto ziwiri zikhoza kupambanamo, ndipo yonse yakathera pakati pa nyumba za anthu. Mmenemo ndi momwe munadzera madzi, matope ndi miyala usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi 2023, kuchera Lolemba, anthu ambiri ali m'tulo.

Kwathu ndi ku Chipata. Chinandifikitsa ku Blantyre ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, omwe anakwatiwa ku Malawi ine ndisanabadwe. Nkhani ya Namondwe Freddy itamveka pa wailesi, foni yawo inali zii. Tinaimba mpaka zala kutopa. Akuluakulu a pabanja anasonkha ndalama nati mmodzi apite akaone ndi maso, ndipo chala chinaloza ine. Za m'njira n'zochepa. Pa Mwami, Mchinji, Lilongwe, Dedza mpaka Ntcheu chimanga chinali biriwiri m'minda, amalonda akuthamangira basi ndi mbatata ndi tomato monga mwa masiku onse. Pa mlatho wa Zalewa m'pamene macheza anatha m'basimo. Mtsinje wa Shire unali utadzaza, wofiira, ukukokolola mitengo yathunthu ndi mizu yomwe.

Namondweyu anachokera kutali. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, nadutsa nyanja yonse ya mchere ya India, nagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, nalowa m'Mozambique pa 24, nabwerera m'nyanja kukatenga mphamvu zina, kenaka n'kudzatulukira cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la WMO linadzatsimikiza pambuyo pake kuti anatha masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. Koma a ku Chilobwe sakamba kwenikweni za mphepo. Nkhani yawo ndi mvula. Inagwa usana ndi usiku kwa masiku angapo osapumira, nthaka ya m'phiri inamwa mpaka kukhuta, ndipo itakhuta inangolekana ndi thanthwe la pansi pake n'kuyamba kutsetsereka, itasenza chilichonse chomwe inapeza.

Kukwera kuchokera pa msika, poyamba umayesa kuti zinthu zilibwino. Maokala ndi otsegula, anyamata a kabaza akulimbirana anthu, wina akukazinga chipisi pa chiwaya. Ukapitirira pang'ono, msewu umangothera m'malere. Pomwe panali njira pali chigwembe chozama kuposa msinkhu wa munthu, ndipo umawoloka poponda matabwa omwe wina wayala. Ndinaona mwala waukulu ngati nkhokwe ya mlimi wochita bwino utakhala pakati pa chipinda chogona, khoma limodzi lokha litatsala chiimire, kalendala ya tchalitchi ikadali lende pa msomali. Malata anali atapindikapindika n'kukulunga mitengo ya mapeyala. M'matopemo munkaoneka nsapato imodzi ya mwana, chivundikiro cha poto, Baibulo lotupa ndi madzi. Za fungo ndisanene zambiri. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake, ndipo amayi ankadutsa atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, osayang'ana kumbali.

Azakhali ndinakawapeza pa sukulu ya pulaimale ya Naotcha, yomwe inali itasanduka msasa wa opulumuka. Madesiki anali atasanjikizidwa panja. M'makalasi ena munkagona amayi ndi ana, ena abambo, mphasa kugundana ndi mphasa, ndipo pa bolodi masamu a Lachisanu lomaliza namondwe asanafike anali asanafufutidwe. Anali pa mzere wa phala, atanyamula mbale ya pulasitiki yomwe sinali yawo. Atandiona sanalire. Anangondigwira dzanja n'kulifinya.

"Mwana wa alongo anga, wabwera kuchokera ku Chipata konse? Kunyumba ali bwanji?"

"Onse alipo, azakhali. Nkhawa ndi inuyo. Pepani ndi zimene mwaonazi."

"Ife tapulumuka, mwanangu. Upepese enawa."

Anandiuza za usikuwo titakhala pa khonde la kalasi. Magetsi anali atathima kale. Iwo anadzuka chifukwa cha madontho omwe ankagwera pa bedi, ndipo akusuntha beseni anamva phiri likulira. Sikunali kugunda kwa mvula, anatero, chifukwa mabingu amalira n'kusiya, pomwe ichi chinkangokulirakulira. Anabereka mdzukulu wamng'ono, wamkulu n'kumukoka dzanja, natuluka osatseka chitseko. Panja panali mdima wandiweyani, madzi m'mawondo, anthu akuitanana mayina. Anathamangira chakumbali, osati chakumunsi, ndipo mpaka lero sadziwa chinawauza kutero. Banja loyandikana nawo chakumtunda, lomwe ankabwerekana nalo mchere ndi moto, silinatuluke.

Kutacha tinapita kunyumba kwawo. Ndinali nditaganiza kuti tikapeza bwinja, koma nyumba inalipo, ndipo mwina zimenezo n'zimene zinawalemetsa kwambiri mtima, chifukwa nyumba yotsala imafuna ntchito. Khoma la kumbuyo, la zidina, linali litasungunuka. Matope analowera pamenepo n'kudzaza zipinda mpaka m'munsi mwa mawindo, ndipo anali atayamba kuuma pamwamba, pansi pakadali phala. Fosholo sinkagwira. Tinkayamba kugumula ndi khasu, n'kuwolera m'ndowa ndi m'masaka, n'kukataya ku chigwembe. Ukachotsa ndowa makumi awiri n'kucheuka, sukuona pomwe wachotsa. Matiresi tinawakokera padzuwa anthu anayi, koma anakana kuuma mpaka tinawataya. Thumba la chimanga lomwe anasungira mwezi wovuta wa Malichi linali litamera. Makina osokera, omwe ankawadyetsa kuyambira pomwe amuna awo anatisiya, tinawafukula atachita dzimbiri, ndipo azakhali anakhala nawo pansi tsiku lonse akuwapukuta ndi kasanza ndi mafuta ophikira, osalankhula ndi munthu.

Pali katundu wina yemwe sitimuwerengera tikamakamba za ngozi. Kachikwama komwe munali chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a adzukulu, satifiketi ya mwana wawo ndi kalata yogulira malo sikanaoneke. Popanda chiphaso, kulandira ndalama za pa foni kapena kubwezeretsa nambala yotayika kumasanduka mlandu. Ku msasa kunali anthu omwe mankhwala awo a tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, otalikitsa moyo, anapita ndi madzi, ndipo ena ankachita manyazi kunena pagulu mankhwala omwe akusowa. Ovutika koposa anali a lendi. Mwini nyumba ali ndi pogwira ngakhale khoma litagwa, poti malo ndi ake. Wa lendi nyumba ikapita, dzina lake limangotsala m'kaundula wa msasa, ndipo eni nyumba zotsala sanachedwe kukweza mitengo.

Madzi akumwa anali nkhani ina. Mzinda wa Blantyre umapopa madzi ake ambiri ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo kupopako kumalira magetsi. Magetsi nawo amachokera pa Shire pomwepo. Zinyalala ndi mitengo zitachuluka mumtsinje, kampani ya EGENCO inathimitsa makina a ku Nkula ndi Tedzani, pomwe a ku Kapichira anali chiwonongekere kuchokera nthawi ya Namondwe Ana mu Januwale 2022. Motero anthu omwe anatsala pang'ono kumizidwa ndi madzi ankayenda ndi zigubu kusaka madzi. Zimbudzi zokumba zinali zitasefukira m'zitsime, dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera woipitsitsa m'mbiri yake, womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Pa khomo la msasa panali ndowa ya madzi a klorini, ndipo alangizi a zaumoyo sankalola munthu kudutsa osasamba m'manja, kaya ndi mbusa kaya ndi mlendo wochokera ku Zambia.

Chakumtunda kwa nyumba ya azakhali kukumba kunali kukadali m'kati. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross analipo, koma ambiri okumba anali eni abale, ndi makasu a kudimba ndi manja. Bambo wina ankabwera m'mawa uliwonse pamalo omwe ankati panali khomo lake. Palibe chinkasonyeza kuti panali nyumba, koma iye ankayeza ndi mapazi kuchokera pa mtengo wa mango womwe unatsala, n'kuyamba kukumba. Ankasaka mkazi wake ndi mwana. Achewa timadziwa kulira maliro: timagona pa siwa, timaperekeza kumanda, timameta, kenaka moyo umapitirira. Nanga ngati palibe woika m'manda, kumeta kumabwera liti? Yemwe anali pulezidenti pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 okhuza maliro ndipo anafika ku Chilobwe pa mwambo woika ena mwa omwalirawo. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inadzawerenga kuti omwalira, kuphatikiza osowa, anaposa 1,000 m'dziko lonse, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Bambo uja masiku 14 atatha anali akadali pa mtengo wa mango.

Madzulo ena ndinacheza ndi agogo ena aamuna omwe anafika ku Chilobwe phirilo likadali nkhalango. Iwo ankati wadutsa ndi Napolo, chinjoka chija chimagona m'phiri n'kudzuka kulunjika kunyanja, monga anachitira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Ine Napolo sindimuseka. Ndi njira yomwe makolo anasungiramo chikumbumtima chakuti phiri limayenda, ndipo akanamveredwa, anthu sakanamanga m'njira yake. Koma agogowo anawonjeza okha zomwe ndinkafuna kufunsa. Analoza ndi ndodo yawo: apo panali mibawa, apo panali kasupe, apo tinkaopa afisi. Mitengo inathera makala, nkhuni ndi mauvuni a njerwa. Khwawa lomwe linali lotakata analigawa mapuloti.

"Madzi saiwala khwawa, mdzukulu wanga. Ifeyo ndi amene tinaiwala."

N'kosavuta kwa munthu wokhala pabwino kufunsa kuti ankamangiranji m'phiri. Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo machenjezo ankaperekedwa. Koma puloti ya pamalo abwino mumzinda mtengo wake ndi wa anthu a malipiro, pomwe ya m'phiri mlonda kapena mayi wogulitsa mandasi amaikwanitsa, komanso amatha kuyenda wapansi kupita ku ganyu ku Limbe kapena m'tauni. Ukamuuza munthu woteroyo kuti asamuke osamusonyeza kopita komwe angapezeko chakudya, wangomusokosa. Ndisanachoke ndinaona ena atayamba kale kuumba zidina pamphepete penipeni pa chigwembe. Azakhali tinawachonderera kuti abwerere kwawo ku Chipata. Anakana: manda a amuna awo ali ku Blantyre, makasitomala awo ali ku Chilobwe. Tinangogwirizana zoti khoma latsopano likhale la njerwa zowotcha ndi simenti, ndi ngalande kumbuyo kwake.

Pobwerera, nditadutsa pa Mwami n'kuyamba kutsikira m'tauni yathu, ndinayang'ana mapiri omwe ndakulira pansi pake ndi maso ena. Chipata yakhala m'chigwa, mapiri mbali zonse. Ku Nabvutika, ku Mchini ndi ku Magazine nyumba zikukwera chaka ndi chaka, ina pamwamba pa inzake, zambiri za zidina. Kumtunda kwake mitengo yatsala yowerengeka, ndipo oswa miyala akufukula miyala yomwe imagwira nthaka. Mtsinje wa Lunkhwakwa tausandutsa dzala. Timadzitonthoza kuti anamondwe ndi a anthu a kunyanja, ndipo n'zoona kuti nthawi ya Freddy ife tinali mbali yothandiza, ndege za asilikali a Zambia ndi Tanzania zikukapulumutsa anthu ku Malawi. Koma Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Quelimane, ndipo Namondwe Ana anagumula mlatho wa Revubue ku Tete, chigawo chomwe tachita nacho malire pa Chanida. Ndiponso phiri lometedwa silidikira namondwe wa dzina. Mvula ya sabata imodzi yosakata ikhoza kulikwanira.

A khonsolo ya mzinda wa Chipata, makhansala ndi a nthambi yathu yoona za ngozi ya DMMU akwere m'mapirimu mvula isanayambe, alembe nyumba zomwe zili m'makwawa, ndipo eni ake awapezere malo pomwe angathe kukhala n'kumapezabe ganyu. Inunso a m'komboni, zungulirani kuseri kwa nyumba yanu muone komwe madzi amadzera. Ziphaso ndi mabuku a kuchipatala muzimange m'pepala la pulasitiki pafupi ndi chitseko, ndipo a zanyengo akachenjeza pa wailesi, tsikani ndi ana kukadali kowala.