Limba langa la pa thabwa

Ndinaphunzira kuimba piyano pa thabwa. Musaseke, anzanga, ndikunena zoona.

Bambo anga anali kalipentala ku Ndirande. Ataona kuti Lamulungu lililonse ndinkagogoda zala pa benchi pamene mkulu wina wa mpingo akupopa limba, anandipalira thabwa lalitali najambulapo makiyi onse 88 ndi penti, oyera 52, akuda 36. Anachita kukawawerenga okha pa piyano ya mzungu wina yemwe ankamukonzera zitseko.

Piyano yeniyeni ndinaikhudza ndili ndi zaka 13, kwa mayi ena okalamba, aphunzitsi opuma a ku Sunnyside. Loweruka lililonse ndinkayenda wapansi kuchoka ku Ndirande, kukatchetcha udzu pabwalo pawo, malipiro ake ola limodzi pa piyano. Kukwaya tinazolowera do, re, mi, koma iwo anandiphunzitsa kuwerenga timadontho takuda tokhala pa mizere isanu, dzanja lamanja zake, lamanzere zake. Tinayamba ndi tinyimbo ta Bach, kenaka Clementi.

Vuto la thabwa ndi lakuti silitsutsa. Kunyumba sabata yonse ndinali katswiri, osaphonya ngakhale kamodzi. Loweruka likafika, piyano inkandiyalutsa. "Mwanawe," ankatero mayi aja, "zala zakozi n'zochenjera, koma makutu ako ndi aulesi." Ndinkabwerera ku Ndirande nditakwiya, koma sankanama.

Mayeso ake ndi a bungwe la ABRSM la ku London, kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 8. Ine ndinafika Giredi 5. Mu 1994 boma linasiya kwacha kuti izidziyendera yokha pamsika, ndipo inagwa chagada. Mtengo wa mayeso ndi mabuku unkatsata paundi. Usiku wina bambo anawerengera ndalama pa mphasa, kubwerezanso kachiwiri, kenaka anandiyang'ana.

"Iwe, Bach wakoyu adzatigulira ufa?"

Sindinayankhe. Iwo omwe anapala thabwa lija ndi amene ankafunsa, ndipo ndinaona kuti funsolo likuwapweteka kuposa ine.

Pambuyo pake ndinadzamva za Lang Lang wa ku China, amene anayamba piyano ali ndi zaka zitatu, bambo ake nasiya ntchito kuti apite naye ku Beijing akaphunzire. Ndiye ndinazindikira kuti ngakhale Giredi 8 ndikanaipeza, linali khomo chabe. Woimba m'maholo akuluakulu amayamba asanaguluke mano a ubwana, amakhala pa piyano maola ambiri tsiku ndi tsiku, kenaka zaka zina kusukulu ya zoimbaimba ngati ya ku University of Cape Town. Ine ndinali nditachedwa kale tsiku lomwe ndinayamba. Kudziwa zimenezi kunanditonthoza pang'ono, pang'ono pokha.

Lero ndimaimba kiyibodi pa maukwati ndi pa maliro, ku Bangwe, ku Chilomoni, kulikonse andiitana. Kiyibodiyo imadziimbira yokha ng'oma, ine kwanga n'kuperekeza. Nthawi zina akwati akachedwa ndimazembetsa kanyimbo ka Bach, anthu n'kumayesa ndi ya m'buku la nyimbo.

Thabwa lija lilipo. Mayi a kunyumba anaikapo mapoto. Mwezi watha mwana wathu wamkazi wa zaka 7 anatsitsa mapotowo, napukuta mwaye, n'kundifunsa kuti, "Adadi, chimenechi chimalira bwanji?" Ndamuuza kuti tikambirana malipiro a ukwati wa Loweruka akabwera.