Adokotala akati "we lost him"

Ndikadali pantchito ya unamwino, usiku wina tidalandira bambo amene adagundidwa ndi galimoto. Dokotala amene adamuona adali mzungu wongofika kumene m'dziko muno. Adayesetsa ndithu, koma mbandakucha bamboyo adatisiya. Dokotala uja adatuluka kukakumana ndi abale pakhonde, nanena motsitsa mawu kuti, "I am sorry, we lost him."

Womasulira adali mwana wa malemuyo, mnyamata wa Folomu 4. Adatembenukira kwa mayi ake nati, "Akuti pepani, bambo asowa." Mayi aja adadzambatuka, kumanga chitenje, ulendo kukafunsa alonda ngati aona munthu wa bandeji kumutu akutuluka pageti. Ndine ndidawathamangira, kuwagwira dzanja, kuwakhazika pansi ndi kuwauza zoona m'Chichewa. Mmene adandiyang'anira mayi amenewo sindidzaiwala.

Mnyamatayo sindimunena. Liwu lililonse adalimva bwino. Chimene sadadziwe n'chakuti Chingerezi nacho chili ndi zining'a. Ifenso pajatu sitinena kuti munthu wafa, timati watisiya kapena watsikira kulichete. Mukamuuza mlendo kuti mayi uje wapita padera, akhoza kufunsa kuti abwera nthawi yanji.

Tsono inu ana anga amene mukulera, zining'a za kuchipatala muzizidziwa. Dokotala akati mwana wanu "is not out of the woods", sakunena za kuthengo ayi. Akuti zikuonetsa kusintha koma ngozi idakalipo, musayambe kumanga katundu. Akati "it was touch and go", ndiye kuti padatsala pang'ono kuti tilire. "She will pull through" ndi mawu okoma, akuti apulumuka. Akakufunsani ngati mwana akutha "to pass water", akufunsa za kukodza. Ndaonapo mayi akuyankha kuti eya, madzi akumwa bwino, chonsecho mwana watha tsiku lonse osakodza. Kwa mwana wotsegula m'mimba chimenecho ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo yankho lolakwika likhoza kuchedwetsa diripi.

Chimene chimatipweteka ndi manyazi. Munthu amangogwedeza mutu, "yes doctor, yes doctor", kuopa kuoneka wosaphunzira pamaso pa mkazi wake kapena apongozi. Ine ndidaphunzira unamwino wonse m'Chingerezi, koma tsiku limene sisitala wa ku Britain adati akupita "to spend a penny", ndidamufunsa kuti akukagula chiyani usiku ngati uno. Adaseka mpaka misozi. Ankapita kuchimbudzi. Kwawoko kale zimbudzi za m'tauni zinkatseguka ukaponya ndalama ya peni pachitseko, mawuwo adachokera pamenepo.

M'banja namo zilimo. Mwana wa mchemwali wanga adalembera mwamuna wake uthenga pafoni wakuti, "I am late." Mwamunayo adayankha kuti, "Kwera minibasi ina, usandidikire." Mtsikana adalira tsiku lonse, akuti bambowa alibe nazo ntchito. Iye ankatanthauza kuti masiku ake a kumwezi adutsa, mwina waima. Kuno kwathu mawu omwewo ali ndi tanthauzo lachitatu, chifukwa tikati "my father is late" timatanthauza kuti adamwalira. Ndidamufunsa kuti, iwe, nkhani yaikulu chonchi, Chichewa chidakuthera? Adati chimamuchititsa manyazi.

Makolo, mwana wanu wamkazi akati "I am seeing someone", musamufunse kuti akumuona ali pati. Wapeza chibwenzi, khalani naye pansi. Akati akufuna "to tie the knot", yambani kuuza ankhoswe. Koma muwaletse ana kutola zining'a m'mafilimu n'kumaziponya paliponse. "He kicked the bucket" ndi kunena za imfa mwachipongwe, si mawu a pasiwa. Ndidamvapo mnyamata akunena zimenezi za agogo ake enieni, akuyesa kuti akulankhula Chingerezi chapamwamba.

Mukapita kuchipatala ndipo mawu ena akudutsani, imitsani dokotalayo, nenani kuti, "Pepani, sindinamve, mundiuze m'Chichewa." Ngati iye sachidziwa, itanani namwino. Ife tidazolowera kumasulira, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndidaseka munthu chifukwa chofunsa.

Mwana wa mchemwali wanga uja adachira bwinobwino, mwana wamwamuna. Pathupi pachiwiri adadikira mwamuna wake afike pakhomo, adye nsima, kenaka adamuuza kuti, "Bambo a Junior, ndaima."