Usanakwere Basi ya ku Lusaka

Madzimoyo,
Chipata.

Mwana wanga wokondedwa,

Za ndalama ndi za maphunziro atate ako akuuza kale, ndipo amayi a Chigwirizano akulangiza za anyamata mpaka makutu kuwawa. Ine ndasankha kulemba, chifukwa ndikayamba kulankhula umangoseka n'kunena kuti amayi mwayambanso. Kalata sungaidule mawu. Nkhani yanga ndi ya foni imene malume ako akugulira ija, pamodzi ndi zonse zolowa m'maso kudzera pagalasi, kaya ndi TV, mafilimu, Facebook, TikTok kapena WhatsApp.

Sindikunena kuti foni ndi Satana, monga amakuwira ena paguwa. Ndi foni yomweyo imene tizikutumizirapo ndalama, ndipo notsi zambiri za kukoleji uzizilandira momwemo. Koma dziwa mmene eni ake amadyera. Makampani amenewa amapeza ndalama pa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira bwino iwe ukachedwa pagalasi. Choncho makina awo amaphunzira chimene chakuimitsa chala, n'kukupatsa china chonga chomwecho, kenako chinanso choposa. Zimene zimaimitsa chala cha munthu msanga ndi ziwiri: ndewu, ndi thupi la mnzako looneka bwino kuposa lako. Ukapsa mtima kapena ukayamba kudzida, kwa iwo malonda ayenda.

Ndiyambe ndi thupi, popeza ndakuonapo ukudzitembenuza pagalasi la kuchipinda nkhope ili ndwii. Pamene ndinali msinkhu wako, m'zaka za m'ma 1990, moni wokoma kwa munthu wochokera ku Lusaka kapena ku Kitwe unali wakuti, "Koma mwanenepa!" Inali nthawi ya kaliwondewonde, maliro tsiku ndi tsiku, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala zathu. Mtsikana woonda mwachibadwa ankayenda anthu akunong'onezana kumbuyo, ndipo ena ankavala zitenje ziwiri kuti aoneke odzaza. Kenako ma TV anachuluka, ndipo okongola anakhala atsikana a pa mipikisano, aatali ngati bango, nthiti zili pamtunda. Lero afuna zonse pamodzi: chiuno chaching'ono, mbina yaikulu, mimba yosaoneka, khungu loyera. M'moyo wanga wokhawu muyeso wasintha kawiri, pamene thupi la mkazi wa kuno likadali lomwe lija la agogo ako, lolima, lobereka, lovina chitelele. Wothamangira muyeso umenewu sadzaupeza, chifukwa akamati wafika amapeza ausuntha kale.

Usaganize kuti n'zokamba za mayi wakumudzi. Ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific, anthu ankakonda thupi lodzaza monga ife, ndipo mwana akaonda abale ankada nkhawa. TV inafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995. Dokotala wa ku Harvard, Anne Becker, anafunsa atsikana a sukulu chaka chomwecho, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa kuti aonde. Pofunsanso mu 1998, atsikana 11 pa 100 alionse anavomera kuti amadzisanzitsa. Zaka zitatu zokha, ndipo imeneyo inali TV yoonera pamodzi pabalaza, osati foni yogona nayo pamtsamiro. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Kafukufuku wa iwo eni anasonyeza kuti mwa atsikana osasangalala ndi matupi awo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ankati Instagram imawonjezera vutolo. Ankadziwa, koma sanatiuze.

Zithunzi zimene umadziyerekeza nazo zija n'zophikaphika. Foni imasalaza nkhope, imachepetsa mphuno, imawalitsa khungu, ndipo mwini wake wajambula zambirimbiri n'kusankhapo chimodzi, mimba atailowetsa, mpweya ataugwira. Galimoto imene watsamira si yake. Ukadzakumana naye pa minibasi ya ku Matero sudzamuzindikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi mafuta oyeretsa khungu. Si atsopano. Nthawi ya agogo ako kunali Ambi, wotsatsidwa m'magazini monga Drum, ndipo anthu ankaseka nkhope ya Fanta pa miyendo ya Coca-Cola. Kusiyana kwake n'kwakuti kale wogula ankachita manyazi, pamene lero wogulitsa amakupeza yekha pa WhatsApp, ali ndi zithunzi za "kale" ndi "tsopano", mafuta atawasakaniza yekha m'botolo lopanda dzina, n'kumati ndi a zipatso ongowalitsa. Ambiri mwa mafutawa muli chimodzi mwa zinthu zitatu. Hydroquinone ukaidzola nthawi yaitali imasiya zigamba zakuda bii m'masaya, zosachoka ngakhale utasiya. Ma steroid, amene madokotala amapereka kwa masiku ochepa pa matenda a khungu, amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera. Amabweretsa ziphuphu ndi mizere, bala silipola msanga, ndipo akalowa m'magazi angakweze BP ndi shuga. Mercury imawononga impso ndi mitsempha, ndipo imafika kwa mwana ali m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa mu 2015, Rwanda nayo inachita kuwalanda m'masitolo. Maiko satero pa chinthu chabwino. Kuda kwa khungu lako ndiko kumakuteteza ku dzuwa la mu Okutobala; funsa abale athu achialubino mmene amavutikira ndi khansa ya pakhungu. Ndiye munthu n'kumalipira ndalama kuti achotse chitetezo chimene anabadwa nacho?

Pamaliro apa pamudzi ndaonapo amayi amsinkhu wanga amene anayamba kudzola ali atsikana. Amakhala kumthunzi, duku atalitsitsa mpaka m'masaya. Sindiwaseka, ndipo iwenso usadzaseke mnzako wotere, chifukwa anauzidwa kuyambira ali mwana kuti woyera ndiye amakwatiwa msanga. Ngakhale ife makolo timalakwa tikamayamikira khanda kuti "koma n'koyera bwino", mchemwali wake wakuda ali pomwepo akumva.

Zonenepetsa nazo uzipewe. Timadzi ta Apetamin ndi mapilitsi ofanana nato muli cyproheptadine, mankhwala a ziwengo. Njala ndi tulo ndi zotsatira zake chabe. Sasankha malo oti anenepetse, angavulaze chiwindi, ndipo wophunzira wosinza m'kalasi walephera kale. Tiyi wa kuondetsa uja nthawi zambiri amangotsegula m'mimba. Ukaona kuti wayamba kudumpha chakudya dala, kapena mnzako wa m'chipinda amathamangira kuchimbudzi akangodya, amenewo ndi matenda, ndipo malo ake ndi kuchipatala.

Tsopano za ndewu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndaona mibadwo ya anyamata ikusintha ngwazi. Oyamba ankalipira tindalama m'nyumba zoonetsera vidiyo ku Kapata n'kubwera Lolemba ali Rambo kapena Van Damme. Otsatira anali John Cena, kunyamulana n'kugwetsana pabwalo nthawi yopuma, wina n'kuthyoka mkono. Ambiri mwa iwo lero ndi abambo aulemu, ena ndi akulu a mpingo. Choncho sindikhulupirira kuti filimu payokha imapanga chigawenga. Amene ndinawaona akuwonongeka anali ndi zinanso: kumenyedwa kunyumba, njala, ulova, ndi tujilijili tija boma linaletsa mu 2012. Chimene filimu imachita n'kuzoloweretsa maso. Mwana woona munthu akumenyedwa tsiku lililonse amasiya kunyansidwa, ndipo amaphunzira kuti mkangano umatha ndi chibakera, womenyayo n'kutenga mkazi wokongola.

Chasintha masiku ano n'chakuti mwana salinso woonera chabe, wagwira kamera. Ukukumbukira a Tokota Boys a ku Kitwe mu 2018? Anazunza mnyamata mnzawo uku akudzijambula okha, ndipo vidiyoyo itafalikira ndi pamene apolisi anawagwira. Sanajambule mwangozi. Kujambulako kunali mbali ya nkhanzayo, kuti dzina lawo limveke ndipo mnzawoyo achite manyazi pamaso pa dziko lonse. Atsikana nawonso alowamo: kuvulana zovala chifukwa cha mwamuna, anzawo atazungulira, aliyense foni m'mwamba, woleretsa palibe. Kale ndewu ya pachitsime inkatha dzuwa likamalowa, mawa nkhani n'kupita kwa anyakwawa. Ya lero siitha. Womenyedwayo amamenyedwanso nthawi iliyonse wina akaitumiza kwa mnzake. Ukaitumiza iwe, dzanja lako lilipo.

Choopsa kuposa zonsezi unachiona wekha, ngakhale unali utangoyamba sekondale. Nkhani ya anthu opopera gasi m'nyumba inayambira ku Chingola, ndipo kumayambiriro kwa 2020 inafalikira dziko lonse. Kuno abambo ankachezera panja ndi zibonga, ife amayi tili maso m'nyumba kununkhiza mpweya. Mauthenga a mawu ankangolowa pa WhatsApp usiku wonse: awaona pamlatho, ali pa galimoto yoyera, amasanduka mphaka. Wolankhulayo palibe ankamudziwa, koma aliyense ankatumiza kwa abale "kuti achenjere". Pofika mu Marichi boma linkanena za anthu pafupifupi 50 ophedwa ndi khamu, ena kuotchedwa amoyo. Mlendo wofunsa njira, wodwala misala, munthu wonyamula chikwama usiku, aliyense akanatha kufa. Ambiri otumiza mauthenga aja sanagwire mwala, anali Akhristu abwinobwino ofunira anzawo zabwino. Kwa anansi athu ku Malawi zinachitikanso mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa.

Ndipo usati ophunzira sapusitsidwa. Mu Seputembala 2019, alendo akuchitiridwa nkhanza ku Johannesburg, ophunzira a mu Lusaka anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa South Africa, ena n'kukawononga pamasitolo. Nkhanzazo zinalikodi, ndipo mkwiyo unali womveka. Koma mavidiyo ena amene anautsa mitima anali akale kapena a kwina. Ija ya anthu akudumpha pa nyumba yosanja ikuyaka inali ya moto wa ku Surat, ku India. Nanga m'masitolo ankagendedwawo ankagwiramo ntchito ndani? Ana a ku Zambia konkuno. Ukadzamva phokoso kukoleji, anzako akuthamangira kumsewu chifukwa cha vidiyo, funsa kuti yajambulidwa kuti, liti, ndipo waiona ndi maso ndani. Funso lomwelo ulifunsenso nthawi ya kampeni, pamene makada a zipani amagawa mowa ndi malaya, andale n'kumatukwana mitundu ya anzawo pa Facebook. Ana a andalewo sumawapeza pamzere wa utsi wokhetsa misozi. Ukakayika, dikira nkhani za pawailesi. Kuno timadalira Breeze FM ndi Radio Maria chifukwa wolankhulayo ali ndi dzina ndi ofesi, ndipo akanama tikudziwa kokamupeza.

Pali malo amene ziwirizi, thupi ndi nkhanza, zimakumana, ndipo pamenepa ndilankhula mosapsatira ngati mlangizi. Mnyamata adzakupempha chithunzi uli maliseche. Adzati amakukonda, adzati achifufuta akangoona. Usatumize, ngakhale atakhala kuti wapereka kale chikole kwa malume ako. Chikondi chimatha, foni imabedwa, imapita kwa okonza, koma chithunzi chimatsala, ndipo tsiku lokangana chimasanduka chikwapu. Malamulo a dziko lino amaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula, moti wojambulidwayo naye angapezeke kupolisi. Koma zitachitika kuti wina akukuopseza ndi chithunzi kapena akukutukwana pa intaneti, usamulipire ndipo usabise. Sunga mauthengawo, pita ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ukadandaule ku ZICTA, bungwe loona za mafoni ndi intaneti, ndipo undiuze ine. Ndidzakwiya, sindikunamiza, koma ndidzakwera basi tsiku lomwelo. Manyazi amapha ana a anthu ali okhaokha m'zipinda, ndipo ine ndikufuna mwana wamoyo.

Sindikuletsa kutchena. Luka tsitsi, sankha salaula yabwino, dzola mafuta ako a masiku onse, jambula zithunzi utitumizire. Amene ukamuona pafoni umatsala ukudziona wonyansa, leka kumutsatira, sadzadziwa n'komwe. Usiku foni izigona patebulo, iwe pabedi. Upeze mpingo wa Reformed pafupi ndi koleji, ndipo uzicheza ndi anthu oti ukadwala angakuphikire phala.

Nsinjiro ndi ufa ndaika pansi pa chikwama chachikulu. Ulendo ndi wa makilomita oposa 500, choncho udye pa Luangwa, usadikire kufika. Ukatsika pa Intercity usapatse munthu wosamudziwa katundu wako, ndipo undiimbire usanakwere galimoto ina iliyonse. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndizidikira foni yako.

Ndine mayi ako.