Mkhalapakati pa malonda a malo: ku Joni ndi ku Luangwa

Wolumikiza wogula ndi wogulitsa nyumba kapena malo ali ndi malire amene lamulo limamuikira, ndipo malirewo amatengera udindo wake. Ku America kuli ejenti amene amaonetsa nyumba ndi kukambirana mtengo, ndiye pamwamba pake pali broker amene amayankha ejentiyo akalakwitsa. Ku South Africa maina ndi ena koma dongosolo ndi lofanana. Lamulo la Property Practitioners Act la 2019, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022, limaika onse pansi pa bungwe lowayang'anira la Property Practitioners Regulatory Authority (PPRA). Wophunzira ntchito sagwira yekha, amayang'aniridwa, ndipo mkulu wa kampani, wotchedwa principal, ndiye amayankha pa ndalama za anthu.

Mphamvu ya lamuloli ili pa chiphaso cha Fidelity Fund Certificate. Wopanda chiphasochi sayenera kulandira komishoni, ngakhale nyumba itagulidwa chifukwa cha thukuta lake. Dipoziti imene ejenti walandira imasungidwa mu akaunti yapadera ya trust, ndipo akaidya, wobedwayo akhoza kukapempha kuti thumba la Fidelity Fund limubwezere. Wogulitsa amadzaza fomu youlula zilema za nyumba, kaya denga lodontha kaya khoma long'aluka, ndipo ejenti wonyalanyaza fomuyi akhoza kusumiridwa ndi wogula. Kusintha dzina pa title deed si ntchito yake, ndi ya loya wotchedwa conveyancer.

Zambia nayo ili ndi lamulo lake, Estate Agents Act la 2000, lomwe lidakhazikitsa Zambia Institute of Estate Agents. Wochita ntchitoyi amayenera kulembetsa, koma kusiyanitsa ejenti ndi broker ngati ku America kulibe. Makampani olembetsa adachuluka ku Lusaka ndi ku Copperbelt. M'makomboni mudadzaza maejenti a pafoni, olipiritsa "viewing fee" munthu asanaone n'komwe khomo la nyumbayo.

Ku Luangwa, boma lakale la Feira, nkhani imasinthiratu chifukwa malo ambiri ndi a mafumu, a Senior Chief Mburuma ndi a Chief Mphuka. Lands Act ya 1995 imati nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a m'dziko. Malo a mafumu amaperekedwa mwa mwambo, kudzera mwa nyakwawa. Wofuna title, yomwe nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, ayenera kupeza chilolezo cha mfumu, kenako cha khonsolo, nkhani isanafike kwa Commissioner of Lands. Ngakhale malo okhala ndi title kale sagulitsidwa popanda chilolezo cha boma ndi msonkho wa Property Transfer Tax ku bungwe la misonkho la ZRA. Pa njira yonseyi palibe pamene mkhalapakati amasaina, ndipo apa ndi pamene anthu a kwathu okhala ku Joni amapunthwa. Atazolowera kuti pepala la ejenti lili ndi mano, amatumiza ndalama kwa msuweni kapena mnyamata wodziwa midzi amene wawaonetsa chithunzi cha puloti pa WhatsApp.

Malo a m'mbali mwa Zambezi, moyang'anana ndi Kanyemba ku Zimbabwe, komanso a kumathiriro a Luangwa kufupi ndi Zumbo ku Mozambique, amakopa ofuna kumanga malo ogona alendo ndi ochita malonda a nsomba, choncho akhalapakati sasowa. Ena ndi okhulupirika ndithu, ndipo amadziwa malire a minda kuposa aliyense wa muofesi. Chovuta n'chakuti zinthu zikasokonekera, monga puloti kupezeka kuti idapatsidwa kwa anthu awiri, munthu wosalembetsayu alibe chiphaso choti n'kumulanda, komanso thumba lobwezera wobedwa palibe. Mkangano wa malire umabwerera kubwalo la mfumu, ndipo ukakula umapita ku Lands Tribunal kapena kukhoti. Wodya ndalama mwachinyengo ndi wa apolisi, koma kumangidwa kwake sikubweza ndalamazo. Mwini wake amayenera kuzilondola yekha, ndipo amene adatumiza popanda lisiti kapena mboni amavutika kutsimikizira bwalo kuti adalipira zingati ndiponso kwa yani.