Manda a bambo athu ku Karoi



Ife ana atatu tinabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi. Bambo athu anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito kumeneko. Akaledzera ankamenya amayi, komboni yonse ikumva. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000 ntchito inatha, iwo n'kupita kwa mkazi wina, kutisiya opanda pogwira. Atamwalira, kumaliro sitinapite.

Zaka zambiri takhala tikudutsa ndi katundu pamsewu wa Harare kupita ku Chirundu. Tikafika pa Karoi, tonse zii, mtima ukuwawa. Anatimasula ndi amayi. Tsiku lina tikuchokera ku mapemphero a CCAP anati: "Ana anga, womenyedwa ndinali ine, ndipo ndinakhululuka kalekale. Inu mukusenzeranji katundu wopanda kasitomala?"

Tinapita. Manda anali m'tchire, anatilozera ndi agogo ena amene anatsala pakomboni. Tinalambula, tinapemphera, tinalira. Chilonda sichinapole tsiku lomwelo, koma tulo tinayamba kutipeza.

Koma timvetsetsane: kukhululuka si kubwerera kokamenyedwanso ayi. Amayi anakhululuka, koma bambo atafuna kubwerera mowa asanasiye, chitseko sanawatsegulire. Yosefe nayenso anayamba wawayesa abale ake asanadziulule kwa iwo.

Ngati pali malo amene mukamadutsa mumayang'ana kumbali, tsiku lina mudzaimepo, mupemphere.

Muyende bwino, Ambuye akusungeni pamsewu.