Gombe Limasungidwa ndi Eni Ake

Achinyamata ambiri akamva za kusamala gombe amayesa ndi nzeru yobwera ndi mabungwe. Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ku Salima, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, tinabadwa n'kuzipeza. Sitinkazitchula ndi dzina lililonse, unali moyo wathu wa tsiku ndi tsiku basi.

M'zaka za m'ma 1950, mfumu yathu inakhazikitsa lamulo loti chilumba cha Mbenji chizitsekedwa nyengo ya dzinja. Disembala akafika, asodzi ankapasula misasa yawo, kulongedza maukonde m'mabwato n'kubwerera kumtunda kukagwira khasu. Mpaka cha mu Epulo panalibe woponya chilimira kumeneko, kuti utaka uswane mwamtendere. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, njoka saipha, ndipo ife akazi sitipondapo. Wophwanya lamulo ankalipira chindapusa kwa mfumu, wankhutukumve n'kupirikitsidwa.

Choncho ine Mbenji ndimamudziwira padoko la Chikombe, pamene tinkadikirira mabwato. Koma chisangalalo chake chilumba chikatsegulidwa! Mabwato ankabwera atalemedwa, m'mphepete mwake mutatsala pang'ono kumwa madzi. Utaka wake unali wonona, woti ukauika pamoto mafuta n'kumachita kudontha. Tinkayanika mpaka matandala kutichepera. Ndi pamenepo tinkamvetsa chifukwa chake tinapirira miyezi yonse ija tikudyera nsima nkhwani ndi therere.

Ntchito yathu amayi inali ya pamchenga. Kukangocha, mwera usanayambe kukuntha, tinkatsika ndi matsache ndi malichero akutha kukasesa doko. Mamba ndi matumbo a nsomba tinkakwirira m'dzenje kumtunda, kutali ndi madzi. Malo otunga madzi anali akeake, ochapira akeake, osambira amayi kwina, abambo kwina. Mwana akapezeka akudzithandiza pamchenga, mayi aliyense womuona ankamudzudzula pomwepo, ndipo make ankabwera kudzathokoza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndi mmene tinkakhalira.

Bango ndiye sitinkalidula mwachisawawa. Mayi anga anandilozera tsiku lina chambo chili m'madzi osaya, m'mbali mwa bango, tiana take tikuyendayenda pafupi. Nditangosuntha phazi, tonse tinathamangira m'kamwa mwa make. Iwo anati, “Waona, mwanawe? Ukatha bangoli, tianati tikabisala kuti?” Bango lomwelo ndi limene linkagwira dothi kuti mafunde asadye gombe, ndipo matope ochokera kuminda ankatsakamira momwemo osafika panyanja.

Zinthu zinadzasintha anthu atachuluka. Tinamva za kunyanja ya Malombe, kumene chambo chinkakoledwa matani masauzande angapo pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi chinatsika kufika pa mazana ochepa chabe chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi udzu wapansi womwe. Kumeneko ndi kumene makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira mu 1993, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu akumudzi aziyang'anira nawo nyanja. Makomitiwo atafika kwathu, sitinawaone achilendo. Chatsopano chinali chakuti nafenso amayi tinayamba kukhala pabwalo n'kumalankhula.

Ndimakumbukira mkulu wina wa m'komiti mwathu, msodzi wopuma, wofatsa zedi. Ankayenda padoko m'mamawa, n'kumapisa zala m'maso a ukonde uliwonse woyanikidwa. Akapeza neti ya udzudzu itasokereredwa kuthumba la khoka, sankakalipa. Ankatapa kasawala m'dzanja lake, n'kumuonetsa mwini khokayo, amvekere, “Achimwene, ichi ndi chambo cha chaka chamawa. Mukadya lero, ana anuwa adzakola chiyani?” Akatero nkhani inkapita kwa mfumu, neti n'kutenthedwa anthu onse akuona. Ena ankanyinyirika, koma poti woweruza anali mnansi wawo womwera madzi omwewo, mlandu unkathera pomwepo.

Lero gombe lili ndi adani amene ife sitinkawadziwa. Majumbo ndi mabotolo apulasitiki saola ngati mamba a nsomba, ngakhale uwakwirire. Kolera imene inabuka mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja analira kwambiri. Komabe mtima wanga umakhala pansi ndikaona anyamata ndi atsikana atanyamula matumba akutola zinyalala padoko, ena akukumba zimbudzi, ena akubzala mitengo m'mphepete mwa mitsinje yothira m'nyanja. Mbenji nayenso akutsekedwabe chaka ndi chaka, ndipo alendo amachokera kutali kudzaphunzira mmene zimayendera.

Adzukulu anga, lamulo la ku Mbenji lakhalitsa chonchi chifukwa analipanga ndi anthu omwe ankalisunga, ndipo phindu lake ankaliona m'mbale zawo. Boma ndi mabungwe akabwera ndi thandizo, alandireni ndi manja awiri. Koma wogona pagombepo ndinu, wodziwa amene waponya khoka usiku ndinu. Musadikire mlendo kuti adzakuuzeni tsiku losesa pakhomo panu.