Za Kupimitsa Maso Asanade



Abale athu okondedwa, ife aphunzitsi a katekisimu amene tiyenda m'midzi tiona chinthu chotimvetsa chisoni: akulu ambiri aleka kudza ku Misa, chifukwa maso ao ada, ndipo ati ndi ukalamba chabe. Ifenso, popitirira zaka 40, tiyamba kutalikitsa buku la mapemphero kuti tione malemba. Ichi sichoopsa, pakuti magalasi owerengera achikonza. Koma zilipo nthenda zina zimene sizidziwika popanda kupimidwa.

Ng'ala ndiyo ichititsa khungu anthu ochuluka m'dziko lathu, komatu ichizika: dotolo achotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga, naikamo kena, ndipo munthu apenyanso. Nthenda ina, yotchedwa glaucoma, ndiyo mbala ya usiku: siwawa poyamba, idya kupenya kuyambira m'mbali, ndipo chimene yadya sichibwerera. Odwala shuga naonso ayenera kupimitsa maso chaka ndi chaka.

Tsono mudzati, ndalama tizitenga kuti? Ku zipatala za boma, monga za maso za Lions ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kupima kuli kwaulere, ngakhale magalasi kawirikawiri agulidwa. Ku zipatala za mishoni, monga ku Nkhoma, kuli kulipira. Amene muli ndi ana ogwira ntchito m'tauni, olipira inshuwalansi ya chipatala monga ya MASM, afunseni mafunso atatu: kodi makolo alembedwamo? kodi kupima maso kulipiridwa? nanga magalasi alipiridwa kufikira ndalama zingati? Pakuti mapangano awa asiyana, ndipo wosalembedwa sathandizidwa.

Koma ambirife tilibe inshuwalansi, ndipo chotilepheretsa ndicho ndalama ya ulendo ndi munthu wotigwira dzanja. Apa ndipo limana lathu likhale nkhokwe yathu. Tikasonkha pang'ono pang'ono pa nthawi yokolola, gogo mmodzi adzapita chaka chino, wina chaka chamawa. Mutu umodzi susenza denga.

Musanene kuti sizitheka. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO lidatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda imene idachititsa khungu makolo athu ambiri.

Kristu sanapitirire Bartimeyo pa njira ya ku Yeriko. Ifenso tisapitirire akhungu a m'mudzi mwathu. Pa 13 Disembala, tsiku la Lusiya Woyera, nkhoswe ya odwala maso, limana lililonse lidze ndi maina a oyenera kuperekezedwa.